NDIWO ZA M'THENGO NDI ZA M'MADZI

Alimi anzathu, dzinthu zalowa m'nkhokwe, udzu wauma, ndipo madzi a m'Luangwa ndi a m'timitsinje tothira m'menemo ayamba kuphwa. Ino ndiyo nyengo imene anyamata anyamula makasu kukakumba mbewa m'minda yokolola kale, amuna achera miono pa maiwe otsala, ndipo madzulo pa mudzi pamveka pfungo la milamba iri pa nsanja. Ndi nyengo yokoma pa zakudya. Koma ndi nyengo yomweyonso imene ndiwo zambiri zabwino zibvunda zisanafike pa mphika, ndi imene anthu ena agonekedwa m'cipatala cifukwa ca nyama imene anaiyesa mwai. M'kabuku aka tifuna kukamba nanu za ndiwo zimenezi, kuyambira pamene zigwidwa kufikira pamene mai azipakula. Amene adziwa kuwerenga awerengere anzao, makamaka azimai, pakuti nchito yaikuru ya zimene tinena pano iri m'manja mwao.

Mabuku a kaphikidwe ndi pamene alekezera

Mabuku onena za zakudya za maiko athu ano alipo, ndipo ena a iwo anthu awakonda ndithu. M'caka ca 1939 Audrey Richards, mai wa ku England amene anakhala nthawi yaitali pakati pa Abemba, anaturutsa buku lochedwa Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia. Iye anaona cimene inu mucidziwa cibadwire, cakuti nsima yopanda ndiwo sitsika pa khosi, ndi kuti mtima wa mkazi wa pa mudzi sukhala pansi kufikira atadziwa cimene ana adzadyera nsima madzulo. Ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, Jessie Williamson anaturutsa Useful Plants of Nyasaland m'caka ca 1955, nalembamo maina a masamba ndi zipatso za m'thengo ndi m'mene akazi aziphikira. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1970, kunaturuka The Malawi Cookbook, limene ife tiliyamikira pa cinthu cimodzi: olemba ake sanacita manyazi kuikamo inswa, dziwala ndi ana a njuci pakati pa zakudya za m'tauni. Kuno kwathu Mai Sylvia Banda a ku Lusaka analemba Zambian Cookbook, ndipo anaphunzitsa alimi ambiri kuyanika masamba mwaukhondo.

Onsewa ndi mabuku abwino, ndipo mwana wa sukulu akawapeza awawerenge. Koma onse ali m'Cingelezi, ndiponso buku la kaphikidwe, lingakome bwanji, liyambira pa mphika. Likuuzani kuti mutenge nyama yakutiyakuti, muidule, muthire mcere. Wolembayo aganiza za mkazi wa m'tauni, amene agula nyama ku buchala, nyama imene woyesa wa Boma anaiona kale, ndipo akafika nayo kunyumba aiika m'firiji. Inu simutero. Kwa inu mwendo wa nyama ufika madzulo uli ndi ubweya wake, wokulungidwa m'masamba, utayenda pa njinga dzuwa lonse. Nsomba zifika ndi matumbo ake. Zimene mucita pakati pa thengo ndi mphika ndizo zinena ngati banja lidzadya bwino mwezi wathunthu, kapena lidzataya ndiwo mkuja, kapena lidzadwala. Za gawo limenelo mabuku a kaphikidwe anena pang'ono. Amene alidziwa ndi agogo anu, ndipo agogowo ali kutha mmodzimmodzi.

Nyama iyi yafa bwanji?

Musanatenge mpeni, funsani mafunso awiri. Loyamba: kodi nyama iyi yaphedwa mwa lamulo? Laciwiri, ndipo ndilo lalikuru: kodi yacita kuphedwa, kapena yafa yokha?

Makolo anali ndi malamulo ao a uzimba. Mfumu inalandira gawo lake, ndipo mnyanga wa njobvu wogunda pansi unali wa mwini dziko. Boma linapatula malo osungira nyama m'cigwa ca Luangwa m'caka ca 1938, ndipo mu 1972 malowo anakhala ma National Park, m'mene munthu saloledwa kusaka konse. M'madera ozungulira, monga Lupande, Lumimba, Musalangu ndi Munyamadzi, lamulo la nyama la 2015 lilola munthu kusaka ngati ali ndi laisensi, ndipo aphe nyama zokhazo zimene zalembedwa pa laisensiyo. Wosunga kapena wogulitsa nyama ya m'thengo ayenera kukhala ndi cikalata cosonyeza kumene yacokera. Wopezeka nayo wopanda cikalata alipitsidwa kapena amangidwa, ndipo mvula ikagwa mkazi atsala yekha ndi khasu. Waya wocherera nyama ngoletsedwa paliponse. Ngakhale tikanaiwala za lamulo, nyama ya pa waya si ndiwo yabwino iai. Ifa mobvutika, magazi osaturuka, ndipo igona padzuwa ndi matumbo m'kati kufikira mwini waya atabwera, mwina mawa, mwina mkuja. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lalandira mawaya ndi mfuti kwa osaka amene anasiya nchitoyi, ndi kumawagula mtedza, mpunga ndi uci.

Tsono za nyama yofa yokha. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala 2011, m'boma la Chama, mvuu zoposa 80 zinafa m'mbali mwa Luangwa. Inali nyengo ya cirimwe, ndiwo zinali zosowa, ndipo anthu ataona phiri la nyama liri gone pa mcenga anati mwai wagwa. Anasenda, nadula, nasenza pa mitu, nakayanika m'midzi. Posapita masiku ambiri anthu oposa 500 anadwala nthenda yochedwa anthrax, ndipo 5 anamwalira. Sikunali kuyamba. Mu 1987 nthenda yomweyi inapha mvuu zoposa 4,000 m'cigwa comweci.

Mbeu za nthenda imeneyi zikhala m'nthaka zaka makumimakumi osafa. Msipu ukatha, nyama zidya udzu waufupi pamodzi ndi pfumbi, ndipo zimeza mbeuzo. Nyama yotere ifa mwadzidzidzi iri yonenepa bwino, ndipo ici ndico cinyenga anthu. Itupa msanga, ndipo kawirikawiri magazi akuda osaundana aturuka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Mcere supha mbeuzi, dzuwa silizipha, utsi suzipha. Musanene kuti tidzaiphika kwambiri, pakuti wosenda, wodula ndi wosenza atenga nthendayi pa khungu nyama isanaone moto. Iyamba ngati kacipupu koyabwa pa dzanja, pa khosi kapena pa nkhope, kenaka kasanduka cironda cakuda pakati, cotupa m'mbali, ndipo cacilendo ncakuti sicipweteka kwambiri. Wodya angathe kudwala m'mimba, kusanza, kutsegula magazi ndi kutupa pa khosi. Mankhwala ake alipo ku cipatala, ndipo wofulumira acira. Wocedwa ndiye afa.

Mliri wa ku Chama utatha, adokotala anafunsa anthu a kumeneko ngati angadyenso nyama yofa yokha. Pafupifupi mmodzi mwa anai anati inde, cifukwa ca njala. Sitiwaseka anthu amenewa, pakuti njala ya Okutobala tiidziwa. Koma taganizani: nyamayo idzatha m'masabata awiri, pamene bambo wotupa mkono sadzagwira khasu pa nyengo yosoka ndi yobzala. Mukapeza mvuu, njati, nswala, ngakhale ng'ombe kapena mbuzi yanu yafa yokha, musaitumbule, cifukwa kuitumbula ndiko kufesa mbeu za nthenda pa nthaka imene ziweto zanu zidzadyapo. Ingitsani agaru ndi ana, uzani anyakwawa, ndipo iwo auze mlangizi wa ziweto kapena woyang'anira nyama za m'thengo, amene adzanena za kuiocha kapena kuikwirira mozama. Ng'ombe zanu zibayidwe katemera wa nthendayi caka ndi caka.

Cenjeraninso ndi nyama imene pafupi pake pali miimba kapena afisi akufa, ndi nkhanga kapena njiwa zogulitsidwa zambirimbiri zopanda bala. Anthu ena oipa azipha ndi mankhwala a m'munda, ndipo mankhwalawo satha ndi kuphika.

Nsomba, kuyambira pa gombe

Nsomba iyamba kuonongeka pomwe yaturuka m'madzi, ndipo m'kutentha kwa cigwa yogwidwa m'mamawa ingathe kununkha dzuwa lisanapendeke. Yabwino muidziwa ndi maso owala, zopumira za pansi pa mutu zofiira, ndi mnofu umene ubwerera mukaudinikiza ndi cala. Yopezeka iri kuyandama yakufa, kapena ya zironda zakuya zofiira, isiyeni. Zogwidwa ndi katupe kapena ndi mankhwala a thonje musazilandire, ndipo njira zimenezi nzoletsedwa. Comweconso ukonde wa udzudzu: unaperekedwa kuti uteteze ana anu ku malungo, ndipo m'madzi ukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, tija tikanakhala ndiwo za caka ca mawa.

Mukagwira, musazisiye padzuwa kapena m'madzi a pansi pa bwato. Ziphimbeni ndi udzu wonyowa pa mthunzi, ndipo zitumbuleni msanga, pakuti kubvunda kuyambira m'matumbo ndi m'zopumira. Zazikuru zing'ambeni motsata msana kuti zitambasuke ngati buku; mlamba wocepa muupinde ngati nkhata; matemba ayanikidwa athunthu. Tsukani ndi madzi a pa citsime, osati a m'dziwe momwe ng'ombe zipondamo. Kenaka thirani mcere m'madzi oyera, mubvundule, muonjeze kufikira dzira laliwisi litayandama. Viikani nsomba m'menemo, zazing'ono theka la ora, zazikuru ora lathunthu, ndipo muzikolowekere pa mphepo kuti zikhe madzi. Anthu ambiri adumpha nchito iyi ponena kuti mcere ngwodula. Koma pa magawo anai a nsomba yaiwisi atatu ndi madzi, ndipo tizirombo tobvunditsa tifuna madziwo. Mcere uwaturutsa, uingitsa nchenche, ndipo nsomba yotero ikhala nthawi yaitali osafumbwa.

Pa kuwamba, colakwa ca ambiri ndico kufulumira. Moto ukakhala waukali poyamba, khungu liuma ndi kutseka, madzi atsalira m'kati, ndipo patapita masiku anai mupeza mphutsi pafupi ndi pfupa la msana, kunja kuli bwinobwino. Yambani ndi moto wofatsa kuti nsomba iturutse thukuta. Pambuyo pake sonkhezani maora awiri kapena atatu kuti ipse, ndipo potsiriza siyani utsi wokha tsiku limodzi kapena awiri, mukumatembenuza. Nkhuni za mupani, umene ena aucha tsanya, ndizo zabwino cifukwa ziyaka pang'onopang'ono. Zitsononkho za cimanga nazo zicita bwino. Musasonkhere nkhadze, pakuti utsi wake ngwaululu, kapena matabwa opaka penti, ndiponso musakolezere moto ndi mapulasitiki.

Ku Ghana, pa mudzi wa asodzi wochedwa Chorkor pafupi ndi Accra, m'caka ca 1969 anakonza ng'anjo yowambira nsomba imene sidya nkhuni zambiri, ndipo mungathe kuumba yanu. Mangani cipupa ca dothi ca ngodya zinai cofika m'ciuno, ndi kakhomo ka nkhuni pansi. Pamwamba sanjikizani mafelemu a matabwa okhomera waya wa maso ang'ono, asanu kapena kuposa, nsomba ziri pa felemu liri lonse, ndipo bvundikirani ndi lata. Utsi umodzi udutsa m'mafelemu onse. Nthawi ndi nthawi sinthani, la pansi lipite pamwamba. Mabanja atatu kapena anai angathe kugwirizana pa ng'anjo imodzi.

Kuwamba nyama

Nyama yopezeka mwa lamulo itumbulidwe pomwepo yagwera, magazi akhe, ndipo ikolowekedwe pa mthunzi kuti izizire. Dulani ndi kutaya mnofu wozungulira pamene cipolopolo cinalowa, cifukwa muli tizidutswa ta mtobvu, ndiponso kubvunda kuyambira pamenepo. Ciwindi, mtima ndi matumbo ziphikidwe tsiku lomwelo, sizisungika. Ciwindi ca mawanga oyera kapena ca timatumba ta madzi citayeni kumene agaru sangacipeze. Nyama ya nguluwe ndi ya njiri muiyang'ane monga muyang'ana ya nkhumba: mukaona timibulu toyera ngati mpunga, tija anthu acha masese, musadye, pakuti ndito tipatsa munthu njoka zazitali za m'mimba. Ngakhale yooneka bwino ipse kufikira m'kati mulibe kufiira.

Yotsalayo dulani mizongo, ndiko kuti tizidutswa tatitali tonenepa ngati cala ca munthu wamkuru, motsata mitsempha ya nyama. Cotsani mafuta, cifukwa mafuta sauma, acita kusasa. Pakani mcere, masupuni akuru awiri pa kilo imodzi, ndipo yalani pa nsanja yofika m'ciuno, mizongo isagundane. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye mphepo ithandiza. M'miyezi yotentha utsi usaleke usana ndi usiku, pakuti nchenche yobiriwira ifuna kamphindi kokha kuti iikire mazira. Patapita masiku awiri kapena atatu pindani mzongo umodzi. Ukalira ndi kung'aluka, yauma. Ukapindika ngati cikopa caciwisi, bwezerani pa moto.

Pa mphika

Nyama ya m'thengo iribe mafuta ngati ya mbuzi ya pa khola, ndipo yowamba ndiye iribiretu. Ici ndico cifukwa cake makolo anaiphika yotendera, ndipo ife sitinapeze buku limene laposa nzeru imeneyi. Tsukani mizongo ndi madzi ofunda, palani mwaye, iduleni mwapakatikati ndi kuiviika ora limodzi. Ikani mu mphika wadothi ndi madzi omiza nyama, pa moto wa makala, iwire pang'onopang'ono maora awiri kapena atatu. Madzi akaphwa onjezani otentha. Ya njati yokalamba ikakana kufewa, dontheza cidulo pang'ono cabe. Mukacurutsa, ndiwo imveka ngati sopo. Amai ena aiphula ikafewa, naisinja pang'ono mu mtondo, naibwezera mu mphika, ndipo yotereyi ndiyo ikomera okalamba opanda mano ndi ana. Tsono thirani matimati awiri kapena atatu, ndipo akapsa thirani nsinjiro kapu imodzi, mubvundule ndi mthiko kuti isacite mibulu. Cepetsani moto, osaleka kubvundula pansi pa mphika, kufikira mafuta a mtedza atayandama pamwamba. Pamenepo yapsa. Mcere ulaweni potsiriza, pakuti nyamayo inabwera ndi wake.

Mtedza wa Chalimbana, umene dera lathu lino lidziwika nao, ucita nsinjiro yabwino. Koma musanasinje sankhani. Njere zofota, zakuda ndi za cuku zitayeni, musazisinjire pamodzi poti sizioneka mu ufa, cifukwa cuku ca mtedza ciononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana.

Nyama yaiwisi yolimba ikulungeni m'masamba a papaya otikita maora awiri kapena atatu musanaphike. Utomoni wake uifewetsa.

Mlamba wowamba uli ndi lamulo lake limodzi: suubvundula. Utsukeni ndi madzi otentha, yalani timitengo toyera kapena mapesi osenda pansi pa mphika kuti usamatirire, sanjani nsomba pamwamba pake, thirani madzi ndi kuphika pa moto wofatsa nthawi yaitali. Matimati, anyezi ndi mafuta zilowe madzi atatsala pang'ono. Pofuna kusakaniza, gwirani mphika ndi kuugwedeza. Wolowetsa mthiko apakula phala la minga.

Kapenta si wa m'mitsinje yathu, koma palibe msika wa ku Chipata, Katete kapena Lundazi umene alibe. Kwao kweni-kweni ndi ku nyanja ya Tanganyika. Ku Kariba anacita kumtengera m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo ndico cifukwa cake lero mumva za kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga. Woyanika pa mcenga alumitsa mano, comweco mtsukeni kawiri m'madzi ofunda. Mkazingeni pa phale poyamba kuti aume, ndipo pambuyo pake thirani mafuta, anyezi ndi matimati. Pali cizolowezi ca kudula mitu ponena kuti iwawa. Ife ticiyesa kutaya, pakuti m'mutu ndi m'timafupa ndimo muli zolimbitsa mafupa ndi mano a mwana. Kapenta kapena matemba okazinga bwino, osinja ndi kusefa, supuni imodzi m'phala la mwana amene wapitirira miyezi isanu ndi umodzi, aposa zambiri zogula m'sitolo.

Pano tinenepo mau amene ena sadzawakonda. M'nyumba zambiri mbale ya bambo ilandira minofu, ana nalandira msuzi. Bambo anakula kale. Amene afuna nyama koposa ndi mwana woleka kuyamwa, mai wapakati ndi mai woyamwitsa. Popakula, patulani gawo lao poyamba.

Mudzi uli wonse uli ndi kaphikidwe kake kamene ife sitinakalembe pano, ndipo Akunda a m'cigwa saphika monga Acewa ndi Angoni a kumtunda. Gulani kope limodzi, mupatse mwana wa sukulu, akhale pa mphasa ndi agogo ake nthawi ya kuphika. Alembe m'cinenero canu dzina la ndiwo, mwezi umene ipezeka, nkhuni zimene aiwambira, muyeso wa mcere ndi nthawi imene ikhala pa moto. Afunsenso zimene agogo akana kudya, ndi cifukwa cake. Akuru anati mau a akuru akoma akagonera, koma akagonera m'kope sadzasowa.

Za mbewa

Mabuku a m'tauni acita nazo manyazi mbewa, koma pa midzi yambiri ya kum'mawa kuno ndiyo nyama imene mwana aidya kawirikawiri kuposa ina iri yonse, ndipo mlimi wozigwira apulumutsa cimanga cake. Kaphikidwe kake nkosabvuta ndipo sikafuna zokometsera. Zitumbuleni, ziwiritseni m'madzi a mcere kufikira madzi ataphwa, ndipo ziumitseni pa makala kapena zipanikeni pa kamtengo pafupi ndi moto kufikira zitauma gwa. Matimati ndi mafuta sizilowapo. Zonona, monga kapeta, zidyedwe msanga. Akapuku ouma bwino akhala masiku ambiri.

Koma pali zocenjera nazo zitatu. Makoswe a m'nyumba si ndiwo. Mbewa yopezeka yakufa, kapena yogona pa njira yosathawa munthu, musaitole, ndipo mukaona mbewa ndi makoswe ziri kufa zokha zambiri, uzani a zaumoyo. Nthata za mbewa zinyamula mliri umene adokotala aucha plague, wa malungo aukali ndi mwanabere wopweteka m'khwapa kapena m'mphecepece. Unabuka m'boma la Nyimba mu 2015. Nthata zithawa mbewa ikazizira, ndipo zilumphira pa munthu, cotero anyamata asaziike m'thumba la kabudula, koma aziwaule pa moto kapena aziponye m'madzi otentha msanga. Caciwiri, musapise dzanja ku una, pakuti njoka nayo ikonda mbewa. Cacitatu ndico moto. Kuocha munda wonse cifukwa ca mbewa khumi ndiko kugula ndiwo ya tsiku limodzi ndi mapesi amene akanadyetsa nthaka caka cathunthu, ndipo lupsa likathawa lipsereza udzu wofolerera ndi nkhokwe za eni ake. Cherani maliwa, kumbani ndi khasu, ndipo mukatha fotserani maenje ndi kukonza mizere imene mwagumula.

Kusungira dzinja

Caka ndi caka, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale, Boma liletsa kugwira nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri za dziko lino, kuti ziswane. Miyezi yomweyo ndiyo ya nchito yaikuru ya kupalira, ndiyonso imene nkhokwe zipepuka. Tsono zimene muwamba lero musazidye zonse lero, ndipo musazigulitse zonse kwa a njinga ocokera m'tauni. Patulani gawo la dzinja.

Ziikeni ziri zozizira ndi zouma m'dengu loyera, kapena m'cikwatu ca masamba monga musungira mfutso, ndipo kolowekani pamwamba pa moto wa m'khicini pamene utsi ufika tsiku ndi tsiku. Thumba la pulasitiki licititsa thukuta ndi cuku. Musawaze mankhwala a thonje, a nkhupakupa kapena a m'nkhokwe pa nsomba ndi nyama kuti zisafumbwe. Ena acita zimenezi, ndipo adyetsa ana ao ululu. Sabata iri yonse tsitsani dengu, khuthulani pa licero, yang'anani. Mukaona ufa pansi pa dengu, tizirombo takuda kapena timphutsi taubweya, bwezerani zonse pa nsanja ya moto maora angapo ndipo dengulo muliwaule. Mvula ikayamba mphepo inyowa, cotero kuwambanso kumeneku kucitike kawiri pa mwezi ngakhale simunaone kanthu.

Amene ali kutali ndi mtsinje, kapena alibe ndalama ya laisensi, angathe kubweretsa thengo pa khomo. Mazira a nkhanga zoweta, mukawaika pansi pa thadzi la nkhuku, aswa patapita masabata anai, ndipo anapiye atsata nkhukuyo ngati mai wao. Akalulu, mbira ndi nkhunda sizifuna malo akuru. Amene ali ndi dimba la madzi osaphwa afunse mlangizi wa nsomba za kukumba dziwe, ndipo nthawi yabwino yokumba ndi ino, nthaka ya ku dambo isanadzale madzi.